Yami akuti akapalasa boti ku Arctic, a malume lankhulani naye

Mayi a Yami: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndikulemba usiku chonchi koma tulo sitikubwera. Achimwene nkhaniyi kwenikweni ndi yanu poti mwanayu ndi wanu. Yamikani anabwera madzulo kudzadya, titamaliza nde akundiuza kuti chaka chamawa mu July akufuna akapalase boti kuchoka ku Norway mpaka ku zilumba zina akuti Svalbard, kumpoto kwenikweni kumene kuli madzi oundana, anthu anayi okha, injini palibe thanga palibe, manja basi. Akuti akufuna atolere ndalama za nyumba ija inasamalira bambo ake masiku omaliza. Ine ndinangoti kakasi mbale zili m'manja, mpaka pano sindinazitsuke. Mwana yekhayo abale. Chonde lankhulani naye, ine akandiona ndikulira amangondigwira paphewa n'kumati mami musadandaule.

Malume Nkhotakota: Achemwali ndadzuka kuti ndipite kudoko nde ndapeza uthengawu. Boti la nkhafi pa nyanja ya mchere? Ine ndakulira pamadzi, imvi zandipeza pamadzi, koma chimenecho sindingachiyerekeze. Muuzeni kuti malume ake akana. Ngati ndi ndalama zachithandizo tisonkha ife tomwe aliyense kangachepe, osati mpaka kupereka moyo.

Anti Thoko Leeds: Alamu pepani ndinali pa shifiti ya usiku. Ine anandiuzako mwezi watha koma anandipempha kuti ndisanene mpaka akuuzeni yekha. Ndinamuuza kuti pita msanga kwa mayi ako, nkhani ngati iyi siyosunga.

Mayi a Yami: Mwezi wathunthu alamu mukudziwa?

Anti Thoko Leeds: Ndalakwa, ndikhululukireni. Koma mwanayu wayamba kale zokonzekera, ndiye kungomuuza kuti malume akana ndikuopa kuti apitabe koma ife osatiuzanso kanthu.

Dalitso: Amayi aakulu mwadzuka bwanji, a malume mwadzuka bwanji. Ndiloleni ndifotokozeko za malowo poti ndinakhala ku Tromsø zaka ziwiri nthawi ya sukulu ija, kuti kaya tikana kaya tivomera tidziwe chimene tikukamba. Njira imene Yami akunenayo ndi yodziwika, amanyamukira pa Tromsø pomwepo n'kulunjika kumpoto kudutsa nyanja ya Barents mpaka pa katauni ka Longyearbyen ku Svalbard. Ndi makilomita pafupifupi 1,000. A malume kuti muone bwino, nyanja yathu yonse kuchokera kumunsi ku Mangochi mpaka kupitirira Karonga siikwana makilomita 600, ndiye apa zili ngati mupalase nyanja yonse m'litali kenako mutembenuke n'kubwereranso mtunda wautali ndithu. Kusiyana kwake kwathu gombe umaliona, ukapanda kuliona umadziwabe kuti likungobisika ndi nkhungu. Uko pakati ponse pali kachilumba kamodzi kokha, Bjørnøya, kamiyala, chifunga chokhachokha, kopanda doko lodalirika.

Dalitso: Amasankha July chifukwa dzuwa sililowa. Ku Tromsø kuyambira kumapeto kwa May mpaka chakumapeto kwa July kulibe usiku, ku Longyearbyen nde kuyambira April mpaka August. Ine chaka choyamba ndinkachita kumata makatoni pawindo kuti ndigone, 2 koloko ya usiku ana akusewera mpira panja kuli mbee. Koma dzuwalo musalione ngati lathu la October, limangowala silitenthetsa. Madzi ukamayandikira Svalbard amakhala madigiri ochepa chabe pamwamba pa ziro ngakhale mu July momwemo. Chimene chimachititsa kuti njirayi isatsekeke ndi ayezi ndi mtsinje wa madzi ofundirako wochokera ku Atlantic umene umayenda mkati mwa nyanjamo kudutsa kumadzulo kwa zilumbazo.

Malume Nkhotakota: Ndiye ukundiuza kuti munthu akagweramo amatha mphindi zingati?

Anti Thoko Leeds: Limenelo ndiyankhe ine alamu poti ndi za ntchito yanga. Madzi ozizira choncho sapha ndi kuzizira kokha ayi. Mphindi yoyamba thupi limadzidzimuka, munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, ngati mutu uli m'madzi nthawi imeneyo wamwa madzi basi, ambiri amathera pomwepo ngakhale odziwa kusambira. Akapulumuka pamenepo, pakatha mphindi ngati khumi zala ndi mikono zimasiya kumvera, chingwe akuponyerani koma kuchigwira osatheka. Kuzizira kwa mkati mwa thupi kumabwera pambuyo. N'chifukwa chake pa maboti amenewa lamulo lalikulu ndi loti aliyense ali panja akhale womangiriridwa ku boti ndi lamba, chifukwa boti la nkhafi silingabwerere m'mbuyo molimbana ndi mphepo kukatola munthu. Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa tsiku ndi tsiku ndi manja ndi mapazi. Kukhala chinyowere masiku khumi mozizira, khungu limafewa, mitsempha imawonongeka, ena dzanzi lake limatha miyezi. Mukasaka pa intaneti chithunzi cha manja a Alex Gregory cha 2017 muona, oyera mbuu, makwinya okhaokha ngati chinangwa chokhalitsa m'madzi. Ameneyo ndi munthu woti anawina golide kawiri pa Olympics, 2012 ndi 2016, kupalasa komweku.

Mayi a Yami: Ndachiona chithunzicho alamu. Mwandiwonjezera mantha.

Anti Thoko Leeds: Pepani alamu, koma bola tidziwe zoona zake.

Chisomo Joni: Moni nonse, azakhali pepani ndi nkhawayi. Ine funso langa ndi la ndalama ndipo ndikufunsa ndi mtima umodzi. Boti lotere si lotchipa, kulinyamula kuchoka ku England kukafika ku Norway, zovala, zakudya, inshuwalansi, matikiti a ndege, zonsezo ndi mapaundi masauzande ambirimbiri. Bwanji osangotenga ndalama zonsezo n'kukapereka ku nyumba ya odwalayo mwachindunji, aliyense akhale pakhomo pake ali moyo? Kuno ku Joni ndaonapo anthu akutolera ndalama m'dzina la ana amasiye koma theka lonse likuthera pa ulendo wawo womwewo, ana aja n'kulandira zotsala. Sindikunena kuti msuweni wanga ndi wotero ayi, koma amene akupita nawowo timawadziwa?

Dalitso: Funso labwino Chisomo, ndipo ndi limene anthu ambiri amafunsa. Koma pali chinthu chimodzi, makampani amene amalipira botilo amalipira kuti dzina lawo lilembedwe pambali pa boti lionekere pa TV, popanda ulendowo ndalama imeneyo siipita ku chithandizo, imapita kukalipira zikwangwani zamalonda. Ndipo anthu amatsegula chikwama akaona munthu akuvutikira chinthu. Chitsanzo chaposachedwa, mu July 2025 anthu anayi a ku America anapalasa njira yomweyi, Tromsø mpaka Longyearbyen, masiku 10 ndi maola owerengeka. Mmodzi anali Jimmy Graham amene ankasewera mpira wa ku America uja wovala zipewa zolimba mu timu ya New Orleans Saints, wina Andrew Tropp amene anali msilikali wa pamadzi, kenako banja lina, Hannah ndi John Huppi. Ankatolera ndalama za Covenant House, malo olandira achinyamata osowa pogona ku New Orleans, ndi za Laureus Sport for Good. Chimene chinandikhudza ine n'chakuti Graham ali ndi zaka 11 anakasiyidwa kumalo osungira ana ndipo anazunzikako kwambiri, ndiye ana amene ankawapalasirawo amawadziwa mmene amagonera.

Chisomo Joni: Ameneyo ndi wotchuka kale achimwene, akangolemba mzere umodzi anthu zikwizikwi amaona. Yami ndi wokonza magetsi ku Newcastle. Ndani amudziwa?

Malume Nkhotakota: Tikukamba za munthu ngati kulibe. Mulowetseni mugulu muno ayankhe yekha. Thoko mulowetse.

Anti Thoko Leeds: Ndamulowetsa, ndamutumiziranso zonse zimene takamba kuti awerenge kaye.

Yami: A malume mwaswera bwanji, anti, achimwene a Dalitso, Chisomo, moni nonse. Mami pepani ndinakuuzani molakwika dzulo, ndinangokuponyerani nkhani pa thebulo popanda kufotokoza. Ndawerenga zonse ndipo palibe chimene anti kapena achimwene anama, ndi zoona zonse. Ndifotokoze za botilo kaye. A malume si bwato lotseguka ngati la kwathu, ndi lalitali mamita ngati 8 kapena kuposerapo pang'ono, kutsogolo kuli kachipinda kumbuyo kuli kachipinda, zitseko zake zikatsekedwa madzi salowa, nde likatembenuzika ndi funde limadzuka lokha chifukwa zolemera zonse zili pansi ndipo tizipindato tili ndi mpweya. Pakati ndi pamene timapalasira, mipando yake imayenda pa njanji ndiye mphamvu imachokera m'miyendo osati m'mikono yokha. Timasinthana awiriawiri, maola awiri kupalasa maola awiri kupuma, osalekeza mpaka kufika, ndipo mu maola awiri opumawo ndi momwe uvule zonyowa, udye, upukute mapazi, ugone. Chakudya ndi chouma cha m'mapaketi timangothiramo madzi otentha, madzi akumwa timasefa a m'nyanja momwemo ndi kamakina. Chimbudzi ndi ndowa. Mphepo ikakula moti kupalasa sikutheka timaponya nangula wa nsalu wonga ambulera yaikulu kutsogolo kwa boti kuti mphuno iziyang'ana mafunde, tonse n'kulowa mkati n'kutseka.

Malume Nkhotakota: Zoyang'anitsa mphuno ku mafunde nzoona, funde likakupeza cham'mbali watha. Pitiriza mphwanga.

Yami: Chisomo funso lako ndi limene inenso ndinafunsa tsiku loyamba. Matumba ndi awiri osiyana. Thumba la ulendo, boti ndi zonse, tikulipira tokha anayife ndi makampani amene tikuwapempha, ine ndikugwira ma weekend kuyambira chaka chatha chifukwa cha chimenechi. Thumba lachiwiri ndi peji ya pa intaneti yotolera ndalama zachithandizo ya JustGiving, ndalama yake siidutsa m'manja mwathu, imapita ku akaunti ya nyumba ya odwalayo. Ndipo kuno munthu wolipira msonkho akapereka paundi imodzi n'kuchonga Gift Aid boma limawonjezerapo 25p. Zoti sindine wotchuka ukunena zoona. Great North Run ndathamanga kawiri, makilomita 21 kuchoka mu Newcastle mpaka ku South Shields, amene anapereka ndi anzanga akuntchito ndi a kutchalitchi kwa mami, chaka chachiwiri anali anthu omwewonso ndipo ndinkachita manyazi kuwapemphanso. Koma chilengezereni za Arctic, wailesi ya m'dera lathu yatiitana kale, masukulu awiri akufuna tikalankhule ndi ana. Anthu amene sanamvepo za nyumba ija ayamba kufunsa kuti ili kuti.

Chisomo Joni: Ngati matumba ndi awiri choncho nde mbali imeneyo ndamva msuweni. Koma ulembe poyera pa pejiyo kuti anthu adziwe, ndipo bajeti ya ulendo uyiike pomwe aliyense angaione.

Yami: Ndiyiika, ndikutumizira iwe poyamba uyione ngati pali pobisika.

Chisomo Joni: Nanga zimbalangondo zoyera zija?

Dalitso: Zimenezo nkhawa yake ndi kumtunda ndi m'mphepete mwa ayezi, pakati pa nyanja si kwenikweni. Ku Svalbard lamulo ndi loti ukatuluka kunja kwa tauni ukhale ndi zoopsezera chimbalangondo, ndipo anthu amayenda ndi mfuti. Koma iwowa akakocheza pa doko la tauni. Chifunga ndi mphepo ya kumpoto ndi zimene ndingaope ine.

Malume Nkhotakota: Mphwanga zonse wanenazi ndamva, boti labwino, matumba awiri, zili bwino. Koma ine mantha anga sali pa boti. Ndikuuze nkhani imene mayi ako akuidziwa koma iwe sindinakuuzepo. Ndili mnyamata ngati iwe tinapita kokapha usipa usiku, mwezi wa June, ine ndinali siginala, ndili ndekha m'bwato langa ndi nyali kuitana nsomba, anzanga ali ndi ukonde wa chilimira. Usipa unabwera wambiri usiku umenewo moti madzi pansi pa nyali ankachita kuwira. Cha m'ma 1 koloko mdala wina amene tinali naye anaimika nkhafi n'kunena kuti ana inu mphepo yasintha tiyeni kumtunda. Tonse tinaimva mphepoyo, kuzizira kwake kwa mwera kumayamba kukugwira kukhosi kuno. Palibe amene sanadziwe. Koma parafini wa nyali tinatenga pangongole, mwini ukonde tinamulonjeza, azimayi ogula anali atatipatsa kale ndalama zawo madzulo akudikira pa gombe ndi mabeseni. Ndiye tinati tikokeko kamodzi kokha. Kamodzi kameneko mwera unatipeza ukonde uli m'madzi. Nyali zinazima, tinadula zingwe ukonde n'kupita, ine ndinagona chafufumimba m'bwato ndikukapa madzi ndi chigubu chodula mpaka mbandakucha, zikhatho zonse zinasupuka. Mnzathu mmodzi bwato lake tinalipeza patatha masiku awiri lili lokha. Anasiya mkazi ali ndi pakati.

Malume Nkhotakota: Chimene chinatisunga pamadzi usiku uja si umbuli, inali ngongole ndi manyazi. Ndiye iwe ukupita uko utasenza ndalama za anthu, dzina la kampani lili pa boti, ana a sukulu akukuonera pa foni, dzina la bambo ako lili pamwamba. Tsiku limene mphepo idzasinthe, udzatha kunena kuti tibwerere? Ndipo ukadzanena iwe, atatu enawo adzakumvera? Ndiyankhe limeneli.

Mayi a Yami: Achimwene mwandikumbutsa tsiku limene lija, amayi anakhala pa mchenga usiku wonse osalankhula.

Dalitso: A malume funso lanuli linachitikadi pa nyanja yomweyo. Ulendo uja wa manja a Alex Gregory unkatchedwa Polar Row, 2017, mtsogoleri wake Fiann Paul wa ku Iceland, nawonso ankatolera ndalama zomangira sukulu ku mapiri a Himalaya. Chigawo choyamba Tromsø mpaka Longyearbyen chinayenda bwino. Chachiwiri ananyamuka mu August, anakafika mpaka m'mphepete mwa ayezi kumpoto kenako n'kutembenuka kulunjika ku Iceland. Nde kunachita mitambo masiku ambiri dzuwa osaoneka, ma sola osatchaja, mabatire anatha, zipangizo zowongolera ndi zolozera njira zinazima, anthu ali chinyowere. Anakhotera pa chilumba cha Jan Mayen, chilumba cha phiri lophulika chimene pamakhala anthu osakwana 20 okha, asilikali a Norway ndi oona zanyengo. Atafika pamenepo Gregory ananena poyera kuti iye sapitiriza, ali ndi ana atatu kunyumba, ndipo ena mwa anzake anagwirizana naye. Mtsogoleri ankafuna kupitiriza ndi anthu ena atsopano koma sizinatheke, anakhala pachilumbapo pafupifupi masabata awiri mpaka sitima ya asilikali olondera nyanja a Norway inadzawatenga. Ku Iceland sanafike koma onse anabwerera kwawo amoyo. Ine munthu amene ndimamupatsa ulemu pa nkhani yonseyo ndi amene anati basi ndalekera pano.

Yami: A malume nkhani yanu sindinaidziwe, ndakhala kaye pansi mu van ndisanayankhe. Za Jan Mayen tinaziwerenga tonse anayi ndipo ndi chifukwa chake anzangawa anandifuna ine, ntchito yanga pa boti ndi magetsi. Ndawerengera kale chipangizo chilichonse mphamvu imene chimadya pa tsiku, ndi zoyamba kuzimitsa dzuwa likasowa, ndipo tikuphunzira kuwongolera ndi manja ndi kampasi, tili ndi pampu yosefera madzi ya pamanja, wailesi ndi foni ya setilaiti zili ndi mabatire akeake. Palinso kachipangizo kotchedwa EPIRB, ukakadina kamatumiza malo amene uli kwa opulumutsa anthu ngakhale boti lonse litazima. Za kubwerera tinagwirizana kuti munthu mmodzi akati tiime ndiye kuti taima, palibe kuvota, ndipo pali munthu wa zanyengo kumtunda amene akati musanyamuke kapena khotani timvera. Koma kunena zoona a malume zimenezi tinangogwirizana pakamwa mu pub titamaliza training. Ndipo funso lanu lenileni, loti ineyo ndidzatha kunena, ndakhala ndikuliganiza chiwerengereni. Ndikuganiza kuti dzina la adadi likanandivuta kulisiya panjira.

Malume Nkhotakota: Wayankha zoona, ukanati ndidzatha mosavuta ndikanadziwa kuti sunamve. Ndiye zapakamwazo zilembedwe, aliyense asayine, mayi ako asunge kope.

Anti Thoko Leeds: Ndipo inshuwalansi yopulumutsira anthu ndione ndi maso anga pepala lake. Bwanamkubwa wa Svalbard ali ndi ma helikopita opulumutsira anthu pa Longyearbyen koma pakati pa nyanja ya Barents ndi kutali, chifunga chikagwa thandizo limachedwa, muyenera kutha kudzisunga nokha maola ambiri. Makosi a sea survival ndi chithandizo choyamba mwapanga?

Yami: Sea survival tinapanga mwezi watha anti. Anatiponya mu dziwe titavala masuti aja otseka thupi lonse, magetsi azimitsa, akutithira madzi ozizira ndi paipi kumaso, nde uyenera kutembenuza chibwato chopopa chija chili chadodolido n'kukweramo kenako kukoka anzako. Ine ndinakwera bwinobwino koma kenako anati tsegula kathumba utulutse mafuleya, timiuni toitanira thandizo, zala zinakana, zipi ndikuyiona koma kuyigwira osatheka, ndinachita kukoka ndi mano. Kuyambira tsiku limenelo zipi iliyonse pa boti ndamangirira kachingwe kokhala ndi mfundo yaikulu yoti ukoke ngakhale ndi chibakera. Chithandizo choyamba ndi wailesi tipanga mu January, ndipo tisanapite ku Norway tikhala masiku angapo usana ndi usiku pa North Sea kufupi ndi kwathu kuno kuti tione amene nseru imamugwetsa.

Mayi a Yami: Yamikani ine zonsezi ndamva koma sunandiyankhe chimodzi. Chifukwa chiyani iweyo? Nyumba ija inatithandiza inde, ndimayithokoza tsiku lililonse, koma bambo ako sakanafuna kuti ukafere m'madzi chifukwa cha iwo.

Yami: Mami mukukumbuka usiku wachiwiri kuchokera kumapeto, inu munagona pa mpando anti atapita kukasamba. Adadi anadzuka cha m'ma 3 akufuna phala, osati la oats, la mgaiwa. Ine ndinauza nesi uja wamfupi wa magalasi ndikudziwa kuti n'zosatheka, kumeza anali atasiya kale. Iye sananene kuti sizingatheke, anandifunsa kuti limaphikidwa bwanji, ndinathamanga kunyumba kukatenga ufa uja munabwera nawo kumudzi, anandilowetsa kukhitchini kwawo usiku umenewo ndinaphika lamadzimadzi, iye n'kutenga kasiponji kakang'ono ka pa kamtengo kaja ankawanyowetsera milomo, n'kuviika m'phalamo n'kuwapaka pa lilime pang'onopang'ono. Adadi anatseka maso akulawa. Masabata atatu tinakhala muja sitinalipire ngakhale 1p. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti nyumba zoterezi kuno boma limangopereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake, zotsalazo ndi zopempha ndi mashopu a kaunjika aja. Zipinda zina amatseka chifukwa chosowa ndalama yolipira manesi. Kupalasa ndi chinthu chimene ndimatha mami, ndakhala pa mtsinje wa Tyne kuyambira ndili ndi zaka 14 inu mukundidikira mu galimoto m'mawa kukuzizira. Sindikufuna kufa ayi, ndikufuna ndikafike ndibwere.

Mayi a Yami: Za phalazo sunandiuzepo.

Yami: Ndinkalephera kuzinena mami.

Anti Thoko Leeds: Achimwene anga ankakonda phala la mgaiwa kuyambira ali mwana. Zikomo Yami.

Malume Nkhotakota: Achemwali m'mawa ndinati ndakana. Pano sindikuti ndavomera, mawu omaliza ndidzanena ndikadzaona pepala losayinidwa lija ndi zimene Thoko wapempha, komanso mtsogoleri wa botilo ndilankhule naye pa vidiyo, Dalitso adzamasulira, ndikufuna ndimuone m'maso ndimufunse ngati anabwererapo panjira. Koma chimodzi ndichita kaya apita kaya sapita. Ife a banja chopereka chathu tipereke chonse asananyamuke, chipite ku nyumba ya odwalayo, tisanene kuti tidzapereka ukafika. Ndipo mphwanga ulembe pa peji yakoyo kuti ndalama ndi za odwala, boti lifike lisafike. Ukadzakhala pakati pa nyanja usadzakhale ndi ngongole ndi munthu aliyense, ngakhale ndi bambo ako. Ine ndigulitsa matumba awiri a mpunga wa kilombero ukakwera mtengo, Dalitso udzandithandize katumizidwe kake.

Chisomo Joni: Ine ndiyamba mwezi uno kutha, tumiza linki msuweni. Ndipo makampaniwo uwauzenso zomwezo asanasayine, kuti mukhoza kubwerera.

Dalitso: Ndithandiza a malume. Yami undiimbire Lamlungu, pali zovala za ubweya zamkati zimene asodzi a ku Tromsø amavala, zimafunda ngakhale zitanyowa, ndikuuza mtundu wake usagule za thonje.

Yami: Zikomo a malume, ndalemba zonse. Pepalalo ndikambirana ndi anzanga Lachinayi.

Mayi a Yami: Ine mtima sunakhale pansi ndipo sindinama kuti wakhala. Yamikani Loweruka ndili off, udzanditenge 8 koloko ndikalione botilo. Ndikufuna ndikalowe m'kachipindako unditsekere chitseko ndione mmene muzigonera, undionetsenso lamba womangira uja ndi pamene amakoletsa. Anzakowo akakhalepo onse atatu.

Malume Nkhotakota: Mukajambule nkhafi zake ndi chitsekocho achemwali, pafupi, ndione mphira wake.

Mayi a Yami: Ndikajambula. Agogo ake musawauze kaye aliyense, ndiwaimbira ndekha ndikabwerako.